Masamba Osokedwa ndi Ulusi Wakuda

Ana anga, za kumene ndinabadwira ndi za mbuzi zimene ndinkaweta mwazimva mpaka kutopa nazo, ndiye pano sindizibwereza. Ndikufuna ndikulembereni za ntchito, makamaka za chaka chimene ndinatsala pang'ono kutseketsa sukulu chifukwa cha masamba khumi ndi awiri a m'buku. Amayi anu amati nkhaniyi ndimaithira mchere nthawi iliyonse ndikamaikamba. Mwina akunena zoona. N'chifukwa chake ndati ndiilembe kamodzi, ikhale momwemo, ndisadzaionjezerenso.

1996

Ndinatuluka ku koleji ya aphunzitsi ndi satifiketi yophunzitsira pulayimale, ndipo kalata yanga yoyamba inanditumiza ku sukulu ina kuseri kwa Thambani, m'boma la Mwanza. Ndinatsika pikapu ndili mbuu ndi fumbi, chikwama m'manja, ndikuyembekeza kupatsidwa Sitandade 5. Koma pamalo pomwepo makolo anali atayambitsa sekondale yoyendera, ndipo aphunzitsi ankasowa. Ahedi ake, a Kamwendo, anayang'ana mapepala anga n'kuona kuti pa mayeso a Fomu 4 ndinakhoza bwino bayoloje. Nkhani inathera pomwepo. M'mawa ndinali mphunzitsi wa pulayimale, pofika masana ndinali katswiri wa sayansi wa dera lonse, wopanda wopikisana naye.

Sekondaleyo inalibe nyumba yakeyake. Fomu 1 ndi Fomu 2 ankabwereka makalasi a pulayimale masana, ana aang'ono akaweruka. Fomu 3 ndi Fomu 4 ankaphunzirira m'tchalitchi cha mpingo wathu, pakati titatchinga ndi mphasa ziwiri zopachika pa chingwe. Ana ankagwada pansi n'kumalembera pa mabenchi, moti mlendo akanasuzumira akanati tili pa mapemphero. Lachisanu tinkachotsa mphasa zija, kutembenuzira bolodi kukhoma, n'kusesa bwinobwino kuti Lamulungu anthu asapeze fumbi la choko. Apa mumvetsetse: popanda tchalitchi chimenecho kunalibe Fomu 3 ndi Fomu 4. Sekondale ina inali ku boma, kutali koti mwana sangapite n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo makolo ambiri sakanatha kumupezera pogona kumeneko.

Kiyi wa tchalitchi ankasunga a Kampira, mkulu wa mpingo, mlimi wa manachesi. Njerwa zina za nyumbayo anaumba okha ali mnyamata. Anali munthu wansangala, woseka ndi thupi lonse, ndipo sukulu ankaikonda kuposa ena a ife amene tinkalandirapo malipiro. M'mawa uliwonse ankabwera pa njinga, kiyi ali pa chingwe m'khosi, n'kutsegula, n'kumapatsa moni mwana aliyense pomutchula dzina la bambo ake. Nyengo ya manachesi ikafika, aphunzitsi tinkapeza thumba pa tebulo.

Tsiku loyamba a Kamwendo anandipatsa buku la bayoloje, limodzi lomwelo la sukulu yonse. Ndikulitsegula ndinapeza kuti chakumapeto masamba ena anasokedwa pamodzi ndi ulusi wakuda, kusoka kwabwino ndithu, kwa munthu wodekha.

"Anang'ambika awa?" ndinafunsa.

"Sanang'ambike, achimwene. Imeneyo ndi evolushoni, za anyani zija. Amene mwawalowa m'malowa anasoka okha atagwirizana ndi akulu a mpingo. Mutu umenewo kuno timadumpha."

"Nanga ukabwera pa mayeso?"

"Mafunso amakhala ambiri, ana akasankha ena. Ife pano tili pa nyumba ya eni, mwamva? Tikawaputa, tikaphunzirira pati?"

Kunena zoona, ndinasangalala. Nanenso ku sekondale mutu umenewu tinangoulambalala, ndipo sindinkaumvetsa. Chinthu chimene sukuchidziwa wina akakuuza kuti usachiphunzitse, umamuthokoza mumtima.

1997 mpaka 2003

Zaka zimenezi ndinakwatira amayi anu, inu munayamba kubadwa, ndipo mpingo unandisankha kukhala mkulu. Lolemba ndinkaima kutsogolo kwa tchalitchi ndi choko, Lamulungu pamalo pomwepo ndi buku la nyimbo. Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Zipangizo tinalibe. Labu yathu inali katoni ya sopo, momwe munali mabotolo awiri, lezala ndi galasi lothyoka. Pophunzitsa za chuku ndinkasiya nachesi pawindo sabata yathunthu mpaka lichite ubweya wobiriwira, ana n'kumalipatsirana atatseka mphuno. Koma za tizilombo tosaoneka ndi maso ndinkangojambula pa bolodi, kukopera m'buku: timizere, timipira, tina ta michira. Ndinkalankhula motsimikiza ngati tinakulira limodzi. Tsiku lina mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza dzanja.

"Sala, inuyo munationapo timeneti?"

"Khala pansi, funso lako silibwera pa mayeso," ndinatero.

Kalasi inaseka, ine ndinatembenukira ku bolodi kuti asandione nkhope. Maikulosikopu, chipangizo choonera tinthu totere, ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Ndinkaphunzitsa za dziko limene sindinapondemo, ndipo mwanayo anali atandigwira.

Manyazi ena ankabwera nthawi ya mayeso a boma. Chaka china ana atatuluka m'chipinda cha mayeso anandizungulira, pepala lili m'manja. "Sala, funso ili likuchokera pati? Sitinalionepo ife." Ndinaliyang'ana, ndinadziwa kuti yankho lake lili m'kati mwa ulusi muja. Ndinawauza kuti olemba mayeso amakonda kusokoneza ana dala. Ena mwa iwo analephera bayoloje ndi pang'ono pokha, ndipo ena ndimakumana nawobe pa msika wa Thambani akugulitsa tomato. Amandipatsa moni mwaulemu, ine mtima umandiluma.

Epulo 2004

Iwe Tiyamike unali ndi zaka zinayi. Unadwala malungo kumapeto kwa dzinja, monga ankadwalira mwana aliyense, ndipo sitinade nkhawa. Tinapita nawe kuchipatala chaching'ono, anakupatsa fansida, mankhwala amene aliyense ankalandira masiku amenewo. Tinabwerera kunyumba n'kudikira kuti udzuke. Tsiku lachiwiri sunadzuke. Tsiku lachitatu ndikuchokera ku sukulu masana ndinakupeza uli pa mphasa, akufunditsa mabulangete atatu, pambali pali mbaula ya moto. Unkanjenjemera mpaka mano kugundana, ndipo agogo ako aakazi, apongozi anga, anali ataona kuti mwana wazizidwa.

Ndinalowetsa dzanja pansi pa mabulangetewo, thupi lako linandiotcha. Apa pokha zimene ndinkajambula pa bolodi zinandithandiza. Thupi la munthu limasunga kutentha kwake pa mlingo umodzi, madigiri makumi atatu ndi asanu ndi awiri, kaya ndi m'chisanu cha Juni kaya ndi dzuwa la Okutobala. Kukatentha limatulutsa thukuta, kukazizira limanjenjemera kuti lidzitenthetse, ndipo limachita zonsezi popanda mwini wake kuliuza. Koma tizilombo tikalowa m'magazi, thupi limakweza mlingo uja dala kuti lilimbane nato, ndiye munthu amamva kuzizira pomwe m'kati akupsa. Kumufunditsa pamenepo n'kuonjezera nkhuni. Ndinachotsa mabulangete onse, ndinatulutsa mbaula, n'kuyamba kukupukuta ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda pang'ono.

Apongozi anga sankandilankhula maso ndi maso, ulemu wake unali umenewo. Anatembenukira kwa amayi anu. "Uwafunse bambo a Tiyamikewo, mwana akunjenjemera chonchi iwo akumuvula, anaphunzira kuti zimenezi?" Amayi anu anangotenga nsalu ina n'kuyamba kundithandiza. Ndimawathokozabe mpaka lero.

Tinapeza pikapu yonyamula manachesi oyambirira yopita ku boma. Tinakhala pamwamba pa matumba, iwe uli m'manja mwanga, wofewa ngati nsanza. Kuchipatala chachikulu anamwino anakuyeza, n'kuyang'anana, n'kutiuza kuti thupi lafika madigiri makumi anayi. Anakubaya chala kutenga magazi, anakuika diripi ya kwinini. Mantha amene ndinali nawo tsiku limenelo sindinawamveponso.

M'mawa mwake unatsegula maso n'kupempha madzi. Mtima utakhala pansi pang'ono, ndinapita ku labu kukafunsa zotsatira. Ndinapezako mayi wina wa ku mpoto, a Nyirenda, wovala gauni yoyera, wolankhula mwachangu. Pocheza ndinawauza ntchito yanga.

"Ndinu aticha a bayoloje? Ndiye mukudziwa kale izi, bwerani pa maikulosikopu apa muone nokha magazi a mwana wanu."

"Pepani mayi, chinthu chimenechi sindinayang'anemopo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Zaka zingati mukuphunzitsa?"

"Zisanu ndi zitatu."

"Eee, abale! Khalani apa. Diso lina musatseke, ndipo musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Poyamba ndinangoona kuwala ndi nsidze zanga zomwe. A Nyirenda anagwira dzanja langa n'kuliika pa kagudumu kam'mbali, ndinapotokola pang'onopang'ono, kenaka zinthu zinayera. Ana anga, mawu ndilibe okwanira. Kadontho ka magazi kosafika ngakhale njere ya mapira kanali katasanduka bwalo lalikulu lodzaza ndi timbale tofiirira tosawerengeka, tina togundana, tina patokha. Amenewo ndiwo anali magazi ako, Tiyamike, amene ndinkangowadziwa ngati madzi ofiira. M'kati mwa timbale tina munali timphete tating'onoting'ono, kalikonse kali ndi kadontho kakuda pambali. Ndinafunsa kuti timeneti n'chiyani, ngakhale ndinkadziwa. "Ndi eni malungo amenewo," anatero. Tsitsi linandiima. Kanthu kochepa chonchi, kokongola chonchi, ndi kamene kanatsala pang'ono kundilanda mwana! Ndinakhala pampandopo mpaka khosi kuwawa, ndikuganiza kuti m'chala changa chomwechi muli khamu ngati limeneli, ndipo ndayenda nalo zaka zonsezi osalipatsa ndi moni womwe.

Nditadzutsa mutu ndinafunsa chimene chinkandivuta. "Nanga fansida uja bwanji sanagwire? Anali wotha mphamvu?"

"Ayi, mankhwala anali abwinobwino. Tizilombo n'timene tasintha. Onani aticha, m'thupi mwa munthu mmodzi timakhalamo tambirimbiri, ndipo sitifanana tonse. Mukathira mankhwala, tofooka timafa. Koma pamapezeka tina tochepa tobadwa mosiyana, mankhwala satikhudza. Timeneto n'timene timatsala, udzudzu n'kutitenga kupita nato kwa munthu wina, n'kuberekana, ana ake n'kutengera. Zaka zikamapita mumapeza kuti totsala n'tolimba tokhatokha. Simukukumbuka klorokwini? Anali mfumu, anatha. Fansida nayenso akulowera komweko. Si evolushoni yanu ija imeneyi? Mumaphunzitsa nokha ku Fomu 4."

Ndinangoti, "Eya, ndi imeneyo." Sindinawauze za ulusi.

Meyi ndi Juni 2004

Titabwerera kunyumba ndinatenga buku lija ndi lezala, n'kukakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango. Ndinadula ulusi mfundo imodziimodzi. Masambawo anali oyera kuposa buku lonse, poti palibe chala chinawakhudzapo. Ndinawerenga masana onse, mawa lakenso chimodzimodzi. Zimene anandiuza a Nyirenda zinali momwemo, koma bukulo linapitirira: kuti njira yomweyo, ikapatsidwa nthawi yaitali zedi, yoti mutu sungaigwire, ndi imene inasiyanitsa zamoyo zonse kuchokera ku chiyambi chimodzi. Munali chithunzi cha mafupa a dzanja la munthu, phiko la mleme ndi mwendo wa nyama, zonse zili ndi dongosolo limodzi. Sindinakhulupirire msanga. Tsiku la msika ndinapita kwa opha mbuzi n'kupempha mwendo wakutsogolo. Ndinauwiritsa, ndinachotsa nyama, n'kuyala mafupa pa lichero. Fupa limodzi pamwamba, awiri pansi pake ngakhale anali omatirirana, kenaka timafupa tating'ono ta pamfundo. Ndinagwira mkono wanga n'kuwerenga: limodzi, awiri, timafupa. Amayi anu anandipeza ndikuyang'ana lichero ngati munthu woombeza, n'kufunsa ngati ndiwo zimenezi tidyabe.

Ndinkaopa kuti ndikawerenga masamba amenewa chikhulupiriro changa chigwa. Sichinagwe. Lamulungu lotsatira tikuimba, ndinayang'ana manja a anthu onse atagwira mabuku, ndinamva mileme ikusokosera kudenga, ndipo misozi inandilengeza. Mulungu amene ndinkamudziwa kale anali ngati mmisiri wogwira ganyu ya sabata imodzi. Tsopano ntchito yake inandikulira mpaka kundichititsa mantha, ndipo inali ikupitirirabe m'magazi a mwana wanga. Mmene ziwirizi zimalumikizirana sindinamvetse zonse, ngakhale lero sindinganame kuti ndikumvetsa.

Ndinapita kwa a Kamwendo n'kuwaonetsa buku. Nkhope yawo inagwa.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Ndikufuna ndiuphunzitse, bwana. Uli mu silabasi. Ana athu akulephera chifukwa cha ife, ndipo kumidziku anthu akudikira mankhwala amene sakugwiranso, osadziwa chifukwa chake."

"Ndiye muwauze za mankhwalazo basi. Za anthu ndi anyani muzisiye."

"Funso la mayeso silisankha choncho."

Anasisita chipumi. "Ine sindinamve chilichonse," anatero. "Koma zikavuta, muli nokha."

Ndinauphunzitsa sabata yathunthu, m'tchalitchi momwemo. Ndinayamba ndi zimene ana ankazidziwa: mmene makolo awo amasankhira zisononkho zazikulu za mbewu chaka ndi chaka, ndi anankafumbwe amene amangoyendayenda m'chimanga chothira mankhwala. Ndinawafotokozera za timphete tija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatha kunena kuti ndinationa ndi maso angawa. Lachinayi ndinabweretsa mafupa a mbuzi. Lachisanu ndinafika pa munthu, ndipo sindinazembe. Ndinawauza kuti bukuli silikunena kuti anyani a m'phirimu ndi agogo athu, koma likunena kuti ife ndi iwo tinachokera ku kholo limodzi lakalekale. Kenaka Fales, mdzukulu wa a Kampira, mtsikana wanzeru kwambiri m'kalasimo, anakweza dzanja.

"Sala, nanga Adamu?"

Nthawi ino sindinamuuze kuti akhale pansi. "Funso limenelo nanenso ndili nalo, Fales. Lamulungu undipeza pano pomwe ndikupemphera, ndipo sindikhala ndikunamizira. Koma izinso ndi zimene anthu anapeza atafufuza mafupa ndi magazi, ndipo uyenera kuzidziwa."

Julaye 2004

Sipanathe masabata awiri, akulu a mpingo anandiitana Loweruka m'mawa. Anakhala pa mabenchi omwe aja, ine anandiika pa mpando patsogolo pawo, munthu amene dzana ndinkakhala nawo mzere umodzi. Umboni unali kope la Fales, ndipo amene analibweretsa anali a Kampira. Sanaseke tsiku limenelo, sanandiyang'anenso. Ena analankhula mokalipa, ena mwachisoni. Mmodzi anati, "Tinakubwerekani nyumba ya Mulungu kuti ana aphunzire, inu mwaimiramo n'kunena kuti mwini nyumba sanalenge munthu." Ndinayesa kufotokoza kuti sindinanene zimenezo, koma zimene ndinanenadi zinali zokwanira kuwapweteka, ndipo sindingawanene kuti anali anthu oipa. Chigamulo chinali chakuti mawa lake, mapemphero akatha, ndiimirire pamaso pa mpingo, ndinene kuti zimene ndinaphunzitsazo ndi zabodza, ndipo masamba aja asokedwenso. Ndikapanda kutero, Lolemba a Kampira asatsegule, ndipo sukulu ikafune kwina.

A Kamwendo anandipeza kunyumba masana omwewo, thukuta lili kamukamu. "Mawu awiri okha, achimwene. Mukangoti ndinalakwa, basi. Mayeso atsala miyezi itatu. Ana onsewa mukufuna akalembere pansi pa mtengo chifukwa cha mwendo wa mbuzi?" Ankanena zoona, ndipo chimenecho n'chimene chinkandiwawa. Ndinafunsa amayi anu. Anandiyankha kuti, "Mukanena kuti ndi bodza, ana aja adzakukhulupiriraninso pa chiyani? Koma sukulu ikatsekedwa, pamudzi pano sitikhalapo." Sanandisankhire.

Lamulungu mapemphero atatha, wotsogolera anati ngati pali wina ali ndi mawu aimirire. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinagwira benchi ndi manja awiri, ndipo sindinaimirire. Si kulimba mtima ayi. Ndinangolephera kutsegula pakamwa n'kunena kuti chimene ndinachiona m'magazi ako, Tiyamike, kulibe. Tinatuluka popanda wondipatsa moni.

Masana ndinaganiza njira imodzi yotsala: ndichoke ine, ndikapemphe kusamutsidwa, sukulu itsale. Ndinapita kwa a Kampira kukawauza zimenezo. Ndinawapeza m'munda mwawo mwa manachesi, atakhala pa chitsa, kope la Fales lili pa mwendo. Ndinagwada chapatali n'kuyamba kulankhula, koma anandidula ndi dzanja.

"Dikirani, Aphunzitsi. Kopeli Fales wandiwerengera katatu, akumasulira. Za anyanizo ine ayi. Mpaka kumanda, ayi. Koma pali tsamba ili." Analitsegula pamene anapinda. "Mukumukumbukira Yohane?"

Ndinkamukumbukira. Anali mlongo wake wa Fales, mwana wa zaka zitatu, amene anamwalira dzinja la chaka chapitacho. Nyimbo ya kumanda ndinayambitsa ndine.

"Ndinapita naye ndekha kuchipatala pa njinga," anatero a Kampira. "Anamupatsa fansida, ndinamumwetsa ndi dzanja langa ili. Pobwera ndinawauza amake kuti musadandaule, mankhwala amenewa sanatikhumudwitsepo. Akuti tipitenso, ine ndikuti dikirani, agwira. Tinadikira masiku atatu. Ana a anzanga amamwa omwewo n'kudzuka, mdzukulu wanga ayi. Ndiye ndinati Mulungu ali nane chifukwa. Chaka chonsechi ndakhala ndikudzifufuza, Aphunzitsi. Machimo anga ndawawerenga kuyambira ndili mnyamata. Ndapepesa ngakhale kwa anthu amene sindinawalakwire. Ndimatsegula nyumba yake m'mawa uliwonse ndikumufunsa kuti ndinakulakwirani chiyani, osandiyankha."

Ine ndinali nditamuona munthu ameneyu akuseka tsiku ndi tsiku, osadziwa kanthu.

"Tsopano tsamba ili likuti tizilomboto n'timene tinasintha. Ndi zoona zimenezi, kapena ndi za m'buku chabe?"

"Ndi zoona, bambo. Ndinationa ndi maso. Tiyamike anamwa omwewo, sanagwire."

"Ndiye kuti si ine?"

"Za kumwamba sindingakuyankhireni, ndine wamng'ono. Koma tizilombo timene tinamugwira Yohane tinali tolimba kale tisanafike pakhomo panu. Mankhwala amenewo sakanagwira ngakhale akanamumwetsa abusa."

Anaphimba nkhope ndi kope lija, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Mwamuna wamkulu, wa imvi, akulira ngati mwana pakati pa mitengo yake. Nanenso ndinalira. Tinakhala choncho nthawi yaitali, ndipo za kusamuka kwanga sindinazitchulenso. Atadzipukuta anangoti, "Pitani, dzuwa lapendeka." Za kiyi sananene chilichonse, ine sindinafunse.

Zimene anakambirana ndi akulu anzawo madzulo amenewo sindinazimve zonse. Ndinangouzidwa pambuyo pake kuti anawauza kuti njerwa zimene anaumba sizidzatsekera mwana panja iwo ali moyo, ndipo wofuna kiyi adzachite kuwavula m'khosi. Ine anandichotsa pa ukulu wa mpingo sabata yomweyo, ndipo sanandibwezerepo mpaka ndinasamuka ku Thambani patapita zaka zisanu. Zinandiwawa kwambiri, sindikunamizani, ndipo amayi anu anasiya kuitanidwa ku zochitika za amayi kwa nthawi yaitali.

Koma Lolemba lija zonsezi ndinali ndisanazidziwe. Ndinanyamuka m'mawa ndikukonza mumtima mawu owauza ana. Nditakhota pa mjigo ndinaona a Kamwendo ataima panja manja ali m'chiuno, ndipo bwalo linali lopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Ndinati basi, abalalika. Kenaka ndinamva phokoso la mabenchi akukokedwa m'kati. Njinga ya a Kampira inali yotsamira khoma, eni ake ataima pakhomo lotsegula, maso ali otupa. Ndinawapatsa moni, anandigwira mkono n'kundikokera pafupi.

"Lowani, Aphunzitsi, ana akudikira. Za anyanizo muzinena motsitsa mawu, ine ndisamve. Koma za tizilombozo muzikuwa, amve ndi amayi ali pa mjigowo."